Momwe mungathandizire mwana wa kupulayimale kuwerenga ndi kulemba ali kunyumba

Makolo ambiri amadzidzimuka pa tsiku lotsekera sukulu akamva kuti mwana wawo walephera mayeso ndipo abwereza kalasi, pomwe madzulo aliwonse ankamumva akuwerenga mokweza pakhonde. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mwanayo analoweza pamtima zimene anzake amanena pamodzi m'kalasi, ndipo akatsegula buku amangoona chithunzi n'kuyamba kutchula zimene akukumbuka, maso ake asali pa malembo. Mukamulozera mawu amodzi pakati pa tsamba, kapena mukamulembera mawu omwewo papepala lina, amangoti kukamwa yasa.

Vutoli silichokera ku ulesi wa mwana, ndipo nthawi zambiri silichokeranso ku ulesi wa aphunzitsi. M'sukulu zambiri za boma, makamaka kuyambira Sitandade 1 mpaka Sitandade 4, mphunzitsi mmodzi amakhala ndi ana ochuluka zedi, ndipo makalasi ena amapitirira ana 100. Mphunzitsi wotere sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga payekha. Ntchito yomvetsera mwana mmodzi, kuona pamene akukakamira ndi kumuwongolera pomwepo ndi imene kholo, agogo kapena mkulu wake angaigwire kunyumba kwa mphindi 20 zokha pa tsiku.

Zofunika kukonzeratu

Choyamba ndi buku la Chichewa la kalasi ya mwanayo. Kuyambira mu 2016, sukulu za boma zimaphunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira motsatira ndondomeko ya National Reading Programme, ndipo mabuku ake anasanjidwa mwakuti malembo amabwera pang'onopang'ono, lililonse pa nthawi yake. Pitani kusukulu mukafunse aphunzitsi ngati mwana angaloledwe kupita nalo bukulo kunyumba. Ngati mabuku ndi ochepa, pemphani kuti mukopere m'kope tsamba limene akuphunzira sabata imeneyo, kapena mulijambule ndi foni.

Mufunikanso zinthu izi: kope limodzi la kunyumba losiyana ndi makope a kusukulu, pensulo ndi chosongolera, zitsekerero za mabotolo zosachepera 30, katoni yakale yoti muidule tizidutswa, makala kapena choko, ndi jumbo yolimba yosungiramo zonsezi kuti zisanyowe ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe. Pakhalenso malo osalala a dothi kapena mchenga pabwalo. Kwa oyamba kumene, pensulo imaposa cholembera cha inki, chifukwa mwana akalakwitsa amafufuta n'kuyambiranso popanda mantha oti waipitsa kope.

Sonkhanitsaninso chilichonse cholembedwa m'Chichewa chimene chili pafupi: tsamba la Tamvani la m'nyuzipepala ya Weekend Nation, nyuzipepala ya Boma Lathu, Baibulo, buku la nyimbo, timapepala ta zaulimi ndi ta zaumoyo. Okhala kufupi ndi nthambi za National Library Service, monga ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, akafunse za mabuku a ana.

1. Pezani pamene mwana wafika

Musayambe kuphunzitsa musanadziwe chimene mwana akudziwa kale. Kalasi imene ali simakuuzani zoona zake, pakuti alipo ana a Sitandade 4 amene sanagwirebe maphatikizo a Sitandade 1, ndipo alipo a Sitandade 2 amene akuwerenga nkhani yonse bwinobwino.

Tengani pepala loyera ndipo mulembe mizere inayi. Pa mzere woyamba lembani malembo 10 mosakaniza, osatsata ndondomeko ya alifabeti, monga u, m, a, t, e, k, o, l, i, n. Pa mzere wachiwiri lembani maphatikizo osakaniza, monga ko, mi, ta, lu, ne, mba, nkhu. Pa mzere wachitatu lembani mawu asanu odziwika amene sali pa tsamba limene waphunzira posachedwa, monga mano, dengu, nsima, khasu, chimanga. Pa mzere wachinayi lembani chiganizo chimodzi chimene mwapeka nokha, chonena za pakhomo panu pomwepo, monga chakuti "Agogo agula mchere ndi tomato kumsika."

Muuzeni mwanayo kuti awerenge akuloza ndi chala, inu muli chete. Pamene wayamba kukakamira kapena kungoganizira, pamenepo ndiye poyambira ntchito yanu. Ngati wawerenga mizere yonse, mufunseni kuti agogo agula chiyani ndipo agula kuti. Akalephera kuyankha, ndiye kuti vuto lake lili pa kumvetsa zimene wawerenga, ndipo mupite naye ku gawo 6.

Chenjezo: musamuuze kuti awa ndi mayeso, ndipo musaonetse kukhumudwa pankhope ngakhale mutapeza kuti mwana wa zaka 10 sakudziwa malembo onse. Mwana amene waona kholo lake likupukusa mutu tsiku loyamba amabwera tsiku lachiwiri ali ndi mantha, ndipo wamantha amangoganizira mayankho kuti zithe msanga. Sungani pepalalo ndi kulembapo deti, chifukwa mudzalifuna pakatha mwezi.

2. Ikani nthawi ndi malo osasinthasintha

Nthawi yabwino ndi masana mwana atadya nkhomaliro ndi kupumako, dzuwa lisanalowe. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 zimamukwanira mphindi 15, wokulirapo mphindi 20 kapena 30. Kuchita pang'ono tsiku lililonse kumathandiza kuposa kumukhazika maola awiri Loweruka lokha. Yalani mphasa pamthunzi, tsekani wailesi, ndipo mukhale pambali pake kuti nonse muziona malembo mowongoka, chifukwa mukakhala moyang'anizana mmodzi wa inu aziona malembo atazondoka.

Chenjezo: onetsetsani kuti nthawi imeneyi isadyedwe ndi ntchito zapakhomo. Kawirikawiri mwana wamkazi ndiye amaitanidwa pakati pa phunziro kuti akatunge madzi, akatsuke mbale kapena abereke mwana, mchimwene wake atakhala. Uzani onse a pakhomo kuti pa mphindi zimenezi mwanayo asatumidwe.

3. Phunzitsani maliwu a malembo

Ana ambiri amatha kuimba alifabeti yonse ya Chingerezi koma osatha kuwerenga mawu akuti ana. Chifukwa chake n'chakuti nyimboyo imaphunzitsa mayina a malembo, pomwe chimene chimagwira ntchito powerenga ndi liwu limene lembo limatulutsa. Lembo la m dzina lake ndi "emu", koma liwu lake ndi kung'ung'udza kuja kumene mumachita milomo ili yotseka: mmm. Mwana amene waphunzira kuti "emu" ndi "e" (dzina la lembo la a m'Chingerezi) akaphatikizana amapanga ma amasokonezeka, chifukwa khutu lake silikumva ma m'menemo. Amene waphunzira mmm ndi aaa amangozilumikiza yekha.

Yambani ndi malembo a liwu asanu: a, e, i, o, u. Lembani lililonse pa kachidutswa ka katoni, litchuleni momveka bwino, ndipo mwana abwereze akuyang'ana pakamwa panu. Kenako sakanizani timakadito ndi kumuonetsa mosatsata ndondomeko. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, pakuti mwana amatha kunena a, e, i, o, u mwaliwiro ngati nyimbo, koma mukamuonetsa o payekha amayamba kuwerengera chamumtima kuchokera pa a. Musapitirire mpaka atatha kutchula lembo lililonse nthawi yomweyo, mulimonse mmene mwasakanizira.

Mukatero onjezani malembo opanda liwu, limodzi kapena awiri pa nthawi, motsatira mmene akubwerera m'buku lake la kusukulu. Pa lembo lililonse latsopano, mufunseni atchule zinthu za pakhomo zimene mayina ake amayamba ndi liwu limenelo. Pa liwu la m angatchule madzi, moto, mafuta; pa liwu la s angatchule sopo, sefa, supuni. Masewera amenewa safuna pepala, ndipo mungawachite pokonola chimanga kapena popita kuchigayo.

4. Mangani maphatikizo, ndipo muchedwepo pamenepa

Chichewa chili ndi mwayi waukulu kwa wophunzira kuwerenga: mawu amalembedwa monga momwe amatchulidwira, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Mwana amene wagwira bwino maphatikizo amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo chiyambire. Pa chifukwa chimenechi, gawo ili ndi loyenera kulipatsa masabata ambiri kuposa ena onse.

Lembani phatikizo limodzi m'kati mwa chitsekerero chilichonse, kapena pa kapepala komata pamwamba pake: ma, me, mi, mo, mu, na, ne, ni, no, nu, ka, ke, ki, ko, ku. Ikani zitsekerero ziwiri motalikirana, monga ma ndi no. Mwana atchule chilichonse pachokha, kenako muzizisendeza pang'onopang'ono iye akutchula mofulumirirapo, kufikira zitagundana ndipo iye wamva yekha kuti wanena mano. Nkhope ya mwana imasintha pa nthawi imeneyo, chifukwa wazindikira kuti tizilembo tija tikunena chinthu chimene ali nacho m'kamwa mwake. Musamuuze mawuwo msanga. Mulekeni awapeze yekha ngakhale zitatenga kanthawi. Kenako chotsani no n'kuikapo ke kuti apeze make, sinthaninso kuti apeze kana, nama, kumana. Akazolowera, mupatseni zitsekerero zonse kuti apange mawu ake, ndipo inu muziwalemba m'kope la kunyumba.

Njira yobwerera m'mbuyo ndi yofunikanso, chifukwa ndiyo imakonzekeretsa kulemba. Tchulani mawu, ndipo mwana awombe m'manja pa phatikizo lililonse: chi-ma-nga katatu, su-ku-lu katatu, nyu-mba kawiri. Dzina lake lomwe ndi mayina a abale ake ndi poyambira pabwino.

Maphatikizo a malembo awiri akakhazikika, bwerani ndi ovuta, ndipo muwatenge m'magulu. Gulu loyamba ndi la malembo okhala ndi h wotulutsa mpweya: ph, th, kh. Ana ambiri amamusiya h polemba ndiponso samutchula powerenga, pomwe amasintha tanthauzo la mawu. Ikani chikhatho cha mwanayo pafupi ndi pakamwa pake, anene pala kenako phala, kola kenako khola, kama kenako khama. Adzamva mpweya ukumenya chikhatho pa mawu achiwiri aja, ndipo kuyambira pamenepo adzadziwa ntchito ya h. Gulu lachiwiri ndi la maphatikizo oyamba ndi m kapena n, monga mba, nda, nga, nja, nsa, mvu. Gulu lachitatu ndi la ataliatali monga nkhwa, mphwa, ntche, ndi thyo, amene amapezeka m'mawu ngati nkhwangwa, mphwayi, ntchentche ndi kuthyola. Musawaphunzitse onse tsiku limodzi. Phatikizo limodzi latsopano ndi mawu ake atatu kapena anayi n'zokwanira.

Chenjezo: samalani ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene kamasiyanitsa ng' ndi ng. Mawu akuti ng'ombe, ng'ona ndi ng'oma amatchulidwa mosiyana ndi ngozi, ngolo ndi ngongole. Chimodzimodzinso mbale yodyera ndi m'bale wako. Ana ambiri amafika Sitandade 8 akusokonezabe zimenezi chifukwa palibe amene anawaimitsa n'kuwaonetsa kusiyana kwake.

5. Werengani naye ziganizo ndi nkhani zazifupi

Tsatani njira imene aphunzitsi amagwiritsa ntchito m'kalasi: poyamba muwerenge inu iye akumvetsera, kachiwiri muwerenge pamodzi, kachitatu awerenge yekha. Chala chake chiziyenda pansi pa mawu nthawi zonse, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukafuna kutsimikiza kuti sakungoloweza, phimbani chithunzi ndi dzanja, kapena mumuuze awerenge chiganizo chomaliza poyamba.

Mwana akakakamira pa mawu, dikirani pang'ono musanalankhule, monga nthawi yowerenga chamumtima mpaka 5. Akapanda kuwapeza, phimbani mbali ina ya mawuwo ndi chala kuti aone phatikizo loyamba lokha, n'kumufunsa kuti, "Apa pakuti chiyani?" Tsegulani phatikizo lachiwiri, kenako lachitatu, ndipo awalumikize. Akawapeza, abwererenso poyambira chiganizo kuti achiwerenge chonse mosadodoma. Akalakwitsa n'kudzikonza yekha, muyamikireni pa chimenecho mwachindunji, monga kunena kuti, "Wachita bwino kubwerera, waona wekha kuti sizimamveka." Kuyamikira kotere kumamuphunzitsa chizolowezi chodzimvetsera, chimene chidzamuthandize mpaka kusekondale.

Nkhani imodzi aiwerenge masiku awiri kapena atatu otsatizana, kufikira ataiwerenga ngati mmene munthu amalankhulira, akupuma pang'ono pa mpatuliro, kuima pa mpumiro, ndi kukweza mawu pa mfunsiro. Ikatero, sinthani nkhani. Ngati m'chiganizo chilichonse akukakamira kangapo, nkhaniyo yamukulira. Bwererani ku buku la kalasi yam'mbuyo popanda manyazi.

6. Onetsetsani kuti akumvetsa zimene wawerenga

Musanayambe nkhani, yang'anani naye mutu ndi chithunzi, ndipo mumufunse zimene akuganiza kuti zichitika. Akamaliza, tsekani buku ndipo akufotokozereni nkhaniyo m'mawu akeake. Funsani mafunso a mitundu iwiri. Ena akhale oti yankho lake lili m'nkhanimo, monga akuti ndani, kuti ndi liti. Ena akhale ofuna kuganiza, monga akuti, "N'chifukwa chiyani mnyamatayo anabisala?" kapena "Ukanakhala iwe ukanatani?" Akayankha, mufunseni akuonetseni pamene wapeza yankholo.

Kumvetsa nkhani kumadalira kwambiri kuchuluka kwa mawu amene mwana amawadziwa ndi khutu, ndipo apa makolo athu anatisiyira chuma chimene ambiri tikuchinyalanyaza. Mwana amene amamva agogo akuti "Padangotero" iye n'kuvomera kuti "Tili tonse" amaphunzira kutsata nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kusunga mayina a ochita nkhani m'mutu, ndi kuyembekezera chotsatira. Zilapi ndi miyambi zimamuphunzitsa kuti mawu amatha kunena zoposa zimene zikuonekera pamwamba. Madzulo ena, m'malo mwa buku, mufotokozereni nthano ya Kalulu ndi Fisi, ndipo mawa lake aibwereze kwa mng'ono wake.

7. Phunzitsani kulemba limodzi ndi kuwerenga

Musadikire kuti mwana adziwe kuwerenga kaye kuti ayambe kulemba. Lembo lililonse limene waphunzira kutchula aphunzirenso kulilemba tsiku lomwelo. Ayambe pansi, ndi chala kapena kamtengo, malembo akuluakulu kukula kwa chikhatho, akutchula liwu lake pamene akulemba. Kenako alembe ndi makala pa katoni, ndipo pomaliza alowe m'kope.

Onani kagwiridwe ka pensulo. Aigwire ndi chala chachikulu ndi chala cholozera, itatsamira pa chala chapakati, chapafupi ndi kunsonga koma osati pansonga penipeni. Akamakanikiza mpaka pepala kubooka kapena kudandaula kuti dzanja likuwawa, ndiye kuti akugwira molimbitsa. Muonetseni poyambira lembo lililonse, chifukwa mwana amene wazolowera kuyambira pansi kupita m'mwamba amachedwa polemba ndipo chizolowezicho chimavuta kuchichotsa. Pakati pa mawu aziika chala chimodzi kuti pakhale mpata.

Malembo a b ndi d amasokoneza ana ambiri a m'makalasi oyambirira, ndipo zimenezi zokha si chizindikiro cha vuto lalikulu. Musawaphunzitse tsiku limodzi. Pa b, ayambe ndi ndodo kenako mimba kutsogolo. Pa d, ayambe ndi mimba kenako ndodo. Dzanja likazolowera kuyamba mosiyana, diso nalo limazolowera.

Chenjezo: mwana wamanzere musamukakamize kulemba ndi dzanja lamanja. Kulemba ndi dzanja lamanzere si matenda ndipo si mwano. Ingomuthandizani kupendeketsa kope pang'ono kuti dzanja lisaphimbe zimene akulemba.

Katatu pa sabata chitani lembetso. Tchulani mawu asanu ochokera pa zimene wawerenga sabata imeneyo, aliwonse kawiri, ndipo iye alembe osaona m'buku. Akamaliza, mupatseni buku kuti adzichongere yekha ndi kukonza pamene walakwitsa. Kwa wa Sitandade 3 kupita m'tsogolo, onjezani chiganizo chathunthu, ndipo muone ngati wayamba ndi lembo lalikulu ndi kutsiriza ndi mpumiro. Pa msinkhu umenewu mungamuuzenso lamulo la l ndi r, lakuti m'kati mwa mawu timalemba r pambuyo pa e kapena i, monga lero, mchere ndi mbiri, koma pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga mbale, khola ndi sukulu.

Choposa zonsezi n'chakuti mwana alembe zinthu zochokera m'mutu mwake zimene wina aziwerengadi. Alembe mndandanda wa zokagula kumsika, ndipo mupite nawo kumsikako n'kumuuza aziwerenga pamene mukugula. Alembe kalata ya mizere itatu yopita kwa azakhali ake, ndipo kalatayo itumizidwedi. Alembe chiganizo chimodzi tsiku lililonse chonena zimene zachitika pakhomo, monga kuti nkhuku yaswa anapiye kapena kuti mvula yagwa usiku. Mukamawerenga zimene walemba, yambani mwayankha nkhani yake, kenako musankhe cholakwika chimodzi kapena ziwiri zokha zoti akonze. Kope lodzaza ndi zochonga zofiira limamuphunzitsa kulemba zochepa kuti alakwitse zochepa. Ziganizo za tsiku ndi tsiku zimenezi ndizo zidzasanduke chimangirizo ndi kalata zimene adzafunsidwe pa mayeso m'makalasi apamwamba.

8. Lowetsani Chingerezi mosamala

Makolo ambiri amafulumira ndi Chingerezi, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti m'makalasi apamwamba maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa mu Sitandade 8 amakhala m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Komabe mwana amene wadziwa kuwerenga m'chilankhulo chimene amachimva amatenga luso lomwelo polowa m'Chingerezi, pomwe amene wayamba ndi mawu osawamva amangoloweza. Choncho m'makalasi oyambirira Chingerezi chilowe kwambiri kudzera m'khutu: moni, mayina a zinthu za pakhomo, ziwalo za thupi, ndi malangizo afupiafupi.

Akayamba kuwerenga Chingerezi, muuzeni poyera kuti malamulo ake ndi ena. Lembo la a limamveka mosiyana m'mawu akuti cat, cake ndi ball, ndipo mawu ambiri amathera ndi lembo lopanda liwu, kotero asamawonjezere i kapena u kumapeto. Gawani masiku kapena nthawi, kuti zilankhulo ziwirizi zisaphunzitsidwe mosakaniza pa mphindi zomwezo. Kwa mabanja amene pakhomo amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chinkhonde, pitirizani kucheza ndi kufotokoza nthano m'chilankhulo chanu, ndipo mawu a Chichewa amene mwana wawawerenga koma sakuwamva muzimumasulira.

9. Gwirizanani ndi aphunzitsi

Kamodzi pa mwezi pitani kusukulu, osadikira kuitanidwa. Funsani mafunso achindunji: malembo kapena mutu umene afikapo, pamene mwana wanu akuvutika, ndi zimene mungabwereze kunyumba. Tengani kope la kunyumba kuti aphunzitsi aone. Tsiku lililonse yang'anani makope a kusukulu. Kope lopanda deti kwa masiku angapo limakuuzani kuti mwana akujomba kapena sakulemba. Pakatha mwezi, bwerezani kuyesa kwa pa gawo 1 ndi mawu atsopano, ndipo muyerekeze ndi pepala loyamba lija mwanayo akuona.

Ngati inu kholo simudziwa kuwerenga

Musadzichotse pa ntchitoyi. Ndinu amene mungaike nthawi, kuletsa kuti mwana asatumidwe, kufotokoza nthano, kuwomba naye m'manja maphatikizo, ndi kumufunsa mafunso akamaliza kuwerenga. Khutu lanu limadziwa Chichewa, choncho mwana akawerenga chiganizo chosamveka mudzazindikira, ndipo mungamuuze kuti, "Tabwereza pamenepo, sindinamve bwino." Pa zofuna kuloza malembo, pemphani mkulu wake, mwana wa kusekondale woyandikana naye nyumba, kapena funsani a komiti ya sukulu ndi a gulu la amayi ngati m'mudzimo muli malo amene ana amakumana kuti aziwerenga. Wothandizayo mumuuze za malangizo ali m'nkhani ino, makamaka akuti asamamenye kapena kuseka mwana.

Ngati palibe kusintha

Mukachita zonsezi mokhulupirika kwa teremu yathunthu koma osaona kusintha, ganizirani za thanzi la mwanayo. Amene amayandikiza buku kumaso kwambiri, kutsinzinira poyang'ana pabolodi kapena kudandaula mutu kawirikawiri akapimidwe maso kuchipatala. Amene amatembenuza khutu limodzi mukamalankhula, kapena amatuluka mafinya m'khutu, akapimidwe makutu, chifukwa wosamva bwino sangasiyanitse pala ndi phala. Ana achialubino ambiri amavutika kuona, choncho amafunika malembo akuluakulu ndi kukhala kutsogolo m'kalasi. Njala ndi kudwaladwala malungo nazonso zimabweza mwana m'mbuyo. Ngati maso ndi makutu zili bwino, kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu kuti akulumikizeni ndi mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu, amene amakhala ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'deralo amakumana pochita maphunziro awo), ndiponso ndi aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, amene ambiri mwa iwo amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi chikwapu ndi mawu onyoza. Mwana amene wamenyedwa chifukwa chosokoneza b ndi d amayamba kudana ndi buku, ndipo amene wanenedwa kuti ndi mbuli pamaso pa abale ake amakhulupirira zimenezo n'kusiya kuyesa. Kumuyerekeza ndi mng'ono wake kapena mwana wa oyandikana nawo kumawononga chimodzimodzi. Mukaona kuti mtima wanu wayamba kupsa, tsekani buku ndipo mudzapitirize mawa.

China ndi kumulembera mwana ntchito imene wapatsidwa kusukulu, kapena kulola mkulu wake kumulembera. Aphunzitsi akaona zonse zili zokhoza amaganiza kuti mwanayo wamvetsa ndipo amapitirira, vuto n'kubisika mpaka tsiku la mayeso. Ndi bwino apite ndi ntchito yokhala ndi zolakwika zake zenizeni.

Makolo ena amakhutira mwana akamakopera bwino zolembedwa pabolodi kapena m'buku. Kukopera ndi luso la dzanja, ndipo mwana angathe kudzaza tsamba ndi malembo okongola osadziwa chimene chalembedwapo. Nthawi zonse muuzeni awerenge zimene wakopera. Enanso amalipira maphunziro apadera a masana n'kuleka kuyang'anira okha, pomwe ngati kumeneko ana ndi ochulukanso ndipo akungonena pamodzi, vuto la kuloweza limangopitirira. Muyeseni nokha mwezi uliwonse ngakhale akupita kumeneko.

Foni ingathandize ngati mwakhala naye n'kumawerenga limodzi uthenga wochokera kwa achibale kapena tsamba limene munajambula, koma kumusiyira kuti azionera makanema sikumuphunzitsa kuwerenga. Pomaliza pali kulekeza pa tchuthi, makamaka tchuthi chachitali cha pakati pa kutha kwa teremu yachitatu ndi kutsegulira kwa chaka chatsopano mu Seputembala, ndiponso pa nyengo ya kulima ndi kukolola pamene banja lonse limatanganidwa kumunda. Mwana amene wangoyamba kumene kulumikiza maphatikizo amaiwala msanga akakhala masabata angapo osaona malembo. Pa nyengo zotere chepetsani nthawi kufika pa mphindi 10, ndipo jumbo ya zitsekerero ndi kope ipite nanu kumunda kuti mukaitsegule pa nthawi yopuma.